Sitima Zinadutsa Kuno M'zidutswa

Dera la Mfumu Nsabwe, kummwera kwa boma la Thyolo, lilibe nyanja. Ukachoka pa Boma n'kudutsa minda ya tiyi kulowera ku Thekerani, msewu umangokwera ndi kutsika m'zitunda, ndipo madzi aakulu amene ungawaone ndi a mtsinje wa Ruo, umene umagwa pa mathithi a Zoa n'kutsetsereka kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Chonsecho sitima ya pamadzi inadutsa kuno. Ilala imene ikuyendabe pa nyanja ya Malawi, yotalika mamita 52, inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland. Ataimaliza anaiphwasula, nailonga m'mabokosi mpaka pa doko la Beira. Kuchoka apo inakwera sitima ya pamtunda, ndipo masiku amenewo njanji yopita ku Chipoka inali imodzi yokha: ya ku Port Herald (lero Nsanje), Chiromo, Thekerani, Sandama, Luchenza ndi Limbe. Amisiri anakailumikiza ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951.

Ilala sinali yoyamba kubwera motero. Zombo zachitsulo zimene zinalowa m'nyanja yathu, za amishoni, za amalonda ndi zankhondo, zinkafika zili zidutswazidutswa, chidutswa chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo njanji isanabwere zinkayenda pamitu ya anthu. N'chifukwa chake luso lopanga tisitima tating'ono tankhondo, limene ambiri angaliyese zochita za azungu osowa ntchito, ine ndimaliona kuti likutikhudza. Kunja kuli anthu amene amathera madzulo awo akusema ndi kupenta tisitima totalika masentimita ochepa, akumanga timadoko, kenaka n'kuyala nsalu yabuluu patebulo kuti magulu awiri amenyane potsata malamulo olembedwa ndi madayisi. Nkhondo ya pa nyanja ya Malawi ya mu 1914 imatchulidwa m'mabuku amene anthu otere amawerenga. Koma akamaiika patebulo, pamaoneka sitima, mizinga ndi akapitawo achizungu. Amene anasenza sitimazo sapezekapo.

Masewerawa sanayambe ngati zoseweretsa ana. M'zaka za m'ma 1780, John Clerk wa ku Eldin, ku Scotland, munthu amene sanagwirepo ntchito panyanja, ankayala tizombo tamatabwa patebulo pofuna kumvetsa chifukwa chimene nkhondo zambiri za panyanja zinkathera popanda wopambana weniweni. Buku limene analemba linawerengedwa ndi akuluakulu a asilikali a pamadzi a ku Britain. Ku Prussia, mu 1812, bambo wina wa banja la Reisswitz anapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm III tebulo lokhala ndi timapiri, timitsinje ndi timidzi tosunthika. Mwana wake anawakonzanso masewerawo mu 1824: anawaika pa mapu enieni, magulu ankhondo nakhala timiyala tofiira ndi tabuluu, ndipo pakati panakhala woweruza amene yekha ankadziwa zonse zimene mbali ziwirizo zikuchita. Ankawatcha Kriegsspiel. Prussia itagonjetsa France mu nkhondo ya 1870 mpaka 1871, mayiko ena anayamba kuphunzitsa asilikali awo mwa njira yomweyo.

Za panyanja anazikhazika bwino ndi Fred T. Jane, amene mu 1898 anatulutsa buku lofotokoza sitima zankhondo za dziko lonse pamodzi ndi malamulo a masewera. Kuwombera kwake kunali kwa manja: wosewera ankatenga kathabwa kokhala ndi kasingano kunsonga n'kumenya pa pepala lojambulidwa sitima ya mdani, ndipo pamene pabooka ndi pamene chipolopolo chagwera. H. G. Wells anatulutsa Little Wars mu 1913, nabweretsa masewera a tiasilikali m'nyumba za anthu wamba. Ku New York, m'zaka za m'ma 1930, Fletcher Pratt ankasonkhanitsa anthu ambiri, amuna ndi akazi, m'chipinda chachikulu. Aliyense ankagwada pansi, kuyeza ndi maso kutalika kwa pakati pa kasitima kake ndi ka mdani, n'kulemba papepala, oweruza nabwera ndi tepi. Ndipo mu 1942, ku Liverpool, kapitawo Gilbert Roberts ndi gulu la atsikana a usilikali wa pamadzi ankakankha tisitima pansi pojambulidwa ndi choko, kufufuza mmene sitima za pansi pa madzi za Germany zinkazembera zombo zonyamula chakudya. Zimene anapeza pansi pamenepo anaphunzitsa akapitawo zikwizikwi.

Chaka chimene Jane ankasindikiza malamulo ake, 1898, ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, kunali phokoso la nyundo. Amisiri ankalumikiza Guendolen, sitima yankhondo yaikulu kuposa zonse za boma la atsamunda panyanjapo, imene inapangidwa ndi kampani ya Rennie ku Greenwich. Koma nkhani inayamba kale, ndipo inayambira kumunsi kuno.

Mu 1875 Ilala yoyamba, kasitima ka mishoni ya Livingstonia kotalika mamita pafupifupi 15, kanakwera Zambezi ndi Shire motsogozedwa ndi E. D. Young, Robert Laws ali momwemo. Pa mathithi a Shire sitima siingadutse. Anakaphwasula, ndipo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana amene anasenza zitsulozo mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'nyengo yotentha, malipiro ake nsalu. Palibe chidutswa chimene chinasowa. Pa 12 Okutobala 1875 kasitimako kanalowa m'nyanja.

Patapita zaka 14, pa Chiromo panatsala pang'ono kubuka nkhondo ya mayiko awiri a ku Ulaya. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikali a Chipwitikizi, namenyana ndi Amakololo kufupi ndi Ruo, pamene John Buchanan, woimira Britain, anali atalengeza kale kuti dziko la kumpoto kwa mtsinjewo lili m'manja mwa Britain. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain la Lord Salisbury linauza Portugal kuti ichotse asilikali ake, apo ayi ziona. Chaka chomwecho Yarrow anapanga sitima ziwiri zankhondo za m'mitsinje, Herald ndi Mosquito, zokhala ndi chigudumu chopalasira madzi kumbuyo ndi pansi pophwatalala kuti ziyende ngakhale posaya. Anazilumikiza kumathiriro a Zambezi. Nsanje inatchedwa Port Herald chifukwa cha imodzi mwa sitimazi. Pangano la 1891 linasandutsa Ruo kukhala malire, ndipo mpaka lero munthu wa kwa Nsabwe akawoloka mtsinjewo kukagula chimanga kapena kukaona abale, wafika ku Mozambique. Malire amene timawoloka ndi bwato anaikidwa mothandizidwa ndi zombo ziwiri zimenezi.

Zina zinatsatira. Pioneer ndi Adventure zinasenzedwa kudutsa mathithi n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1893, pamodzi ndi Dove ya mu Shire wakumtunda. Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankazifuna polimbana ndi mafumu amene anali ndi zombo zawo zamathanga, monga Makanjira, amene anthu ake anapha kapitawo Cecil Maguire mu Disembala 1891 pamene ankafuna kuwononga zombo za mfumuyo. Ajeremani nawonso anabweretsa yawo, Hermann von Wissmann, yopangidwa ku Hamburg, yotalika mamita pafupifupi 26. Inadzera njira yomweyi ya Shire, nailumikizira pa Mpimbi mu 1893. Masiku amenewo Angerezi ndi Ajeremani ankathandizana: mu 1895 sitima ya Ajeremaniyi inanyamula asilikali a Johnston popita kukamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga.

Nkhani imene aliyense wokonda kulumikiza tizidutswa ayenera kuimva ndi ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA imene inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, niphwasulidwa m'zidutswa 3,481. Chidutswa chilichonse anachilemba nambala, koma poviika zitsulozo m'mankhwala oletsa dzimbiri, manambala aja anakwiririka. Amisiri pa gombe la kwa Mponda anatsala ndi mulu wa zitsulo zopanda chizindikiro, n'kumayesa chimodzichimodzi, ndipo ntchitoyo inawatengera zaka ziwiri mpaka sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Boyila yake, yolemera matani 11, sinkatheka kugawidwa. Anaiika pa ngolo, amuna a Chingoni 450 naikoka ndi zingwe kukwera ndi kutsika zitunda. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Apa inali mitu zikwi kusenza sitima imene ambiri a iwo sanaikwerepo.

Tsopano tifike pa tsiku limene mabuku akunja amalikonda. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, kapitawo Edmund Rhoades anauzidwa kuti apeze Wissmann ndi kuilemaza. Ananyamuka ndi Guendolen ku Nkhata Bay, nawoloka usiku, nafika m'bandakucha pa doko la Sphinxhafen, pamene lero ndi pa Liuli ku Tanzania. Anapeza sitima ya Ajeremani ili pamtunda, akuikonza. Mzinga wa Hotchkiss wa pa Guendolen unalira kangapo usanalase, popeza zipolopolo zinali zokhalitsa. Kapitawo wa Wissmann, Berndt, mnzake wa Rhoades amene ankamwera limodzi, anabwera pa bwato ali wokwiya, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera, chifukwa uthenga wa nkhondo unali usanam'fike. Anagwidwa pomwepo. Nyuzipepala za ku London zinalemba kuti Britain yapambana pa nyanja ya Nyasa, ndipo ambiri amati imeneyi inali nkhondo yoyamba ya pamadzi pakati pa mayiko awiriwa mu nkhondo yonseyo.

Azungu amaisimba moseka nkhaniyi. Ine sindiona poseketsa ndikayang'ana chimene chinatsatira. Nyanja itakhala m'manja mwa Britain yokha, sitima zinayamba kututa asilikali kupita ku Karonga, kumene kunachitika nkhondo pa 9 Seputembala 1914, ndipo ambiri mwa amene anafa mbali zonse ziwiri anali Aafirika. Patangotha miyezi iwiri John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akufera mkangano umene si wawo, ndipo mu Januwale 1915 anaukira. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Liuli kukaphulitsa Wissmann kuti isadzakonzedwe. Kuyambira 1916, gulu lankhondo la Britain la General Northey litalowa mu German East Africa, chakudya ndi zipolopolo zinkakwera njanji ya m'mbali mwa Ruo mpaka ku Limbe, n'kupitirira ku Fort Johnston, kukwera sitima, kenaka pamitu. Amuna a mu Nyasaland pafupifupi 19,000 analembedwa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine chachikulu cha 1918. Madera a Thyolo ndi Mulanje panthawiyo anali atadzaza ndi Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, amene anali kale pa thangata m'minda ya azungu. Tiyi anali atayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908, chaka chimene njanji inafika ku Blantyre. Munthu wa mapewa olimba masiku amenewo analibe kothawira.

Sindikunena kuti zombo zamathanga za Makanjira ndi Jumbe wa ku Nkhotakota zinali zoyera. Zinkawolotsa akapolo kupita tsidya lija la nyanja, ndipo sitima zankhondo zinathandiza kuthetsa malonda oipawo. Koma sitima zomwezo zinabweretsa msonkho wa nyumba ndi ulamuliro umene sunapemphe chilolezo kwa munthu. Wopanga tisitima ta nthawi imeneyo ayenera kuzidziwa zonse ziwiri.

Nanga kupanga kwake kumayenda bwanji? Choyamba ndi sikelo. Osewera ambiri a nkhondo za m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja amakonda 1:600, kutanthauza kuti mamita 6 a sitima yeniyeni amakhala sentimita imodzi. Guendolen, ya mamita pafupifupi 41, imatuluka masentimita 7. Wissmann imapitirira pang'ono masentimita 4. Wofuna kuti anthu azioneka bwino asankhe 1:100, pamene Guendolen imakhala masentimita 41 ndipo munthu amatalika pafupifupi masentimita awiri. Chinsinsi chachiwiri n'chakuti kasitima ka patebulo sikakhala ndi mimba. Amakadula pamene madzi amalekeza, pansi pake n'kukhala pophwatalala, kuti kakaikidwa pa nsalu kazioneka ngati kakuyandama.

Ku Ulaya amagula tizidutswa ta pulasitiki kapena ta mtovu m'sitolo. Pa msika wa Thekerani mulibe zimenezo, ndipo sizikufunika. Chiwale chouma n'chopepuka ndipo chimamvera lezala. Umajambula maonekedwe a sitima papepala monga ikuonekera kuchokera pamwamba, n'kumata pepalalo pa chiwale, n'kusema motsata mzere, kutsogolo kosongoka, kumbuyo kozungulira pang'ono. Ukatero upale ndi sandipepa mpaka ulusi wa chiwale usamaoneke. Tinyumba ta pamwamba ndi katoni yopyapyala ya sopo kapena ya machesi. Chumuni ndi kachidutswa ka bango laling'ono kapena chubu cha bolopeni yotha. Milongoti ndi waya wa kopa wa m'chingwe chakale cha magetsi, zingwe zake ulusi wosokera wopakidwa guluu kuti uume chilili. Mzinga wa Hotchkiss pa sikelo ya 1:600 ndi nsonga ya phini basi. Sitima za kuno zinkakhala ndi denga la nsalu lotchinga dzuwa. Kapepala kopyapyala koviikidwa m'guluu wosungunula kamagwa pakati mwa iko kokha, monga nsalu yeniyeni imachitira.

Popenta ndi pamene pamafunika mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiwale chimamwa penti, choncho uyambe wachipaka guluu wothira madzi, chiume. Penti yoyamba ikhale yopyapyala, yotuwira. Ukapaka yokhuthala, mizere yonse imene unavutika nayo imakwiririka, ngati mmene manambala a Chauncy Maples anachitira. Mitundu yeniyeni ikauma, usungunule penti yakuda kapena yakhofi mpaka ikhale madzimadzi, uiyendetse pathupi lonse. Imathamangira m'makona n'kuika mthunzi pansi pa denga ndi m'mbali mwa zitseko. Kenaka utenge bulashi youma, uigunditse penti yoyera pang'ono, uipukute pa sanza mpaka ikhale ngati ilibe kanthu, n'kuipititsa mopepuka m'mphepete. M'mphepetemo mumawala, kasitima n'kudzuka. Mwaye wa pa chumuni ndi makala operapera, ndipo dzimbiri lotsika pa bowo la nangula ndi kadontho ka dothi lofiira la ku Thyolo konkuno. Zithunzi za sitimazi n'zakuda ndi zoyera, koma zimaonetsa bwino pamene panali powala ndi pamene panali pakuda, ndipo sitima yotentha nkhuni tsiku ndi tsiku sinkakhala yoyera mbee.

Doko ndilo limanena zoona kapena bodza. Wopanga wa kunja akamva za doko amaganiza za khoma lamiyala, nsanja ya nyali ndi makina onyamulira katundu. Chiromo cha m'ma 1890 sichinali chotero. Panali gombe la dothi, matabwa otsikirapo, nyumba za malata zosungiramo katundu, ofesi ya kasitomu, bango, migwalangwa, mabwato, ndi milu ya nkhuni. Nkhunizo usaziiwale. Sitima zonsezi zinkayendera nthunzi, ndipo m'mbali mwa Shire ndi nyanja munali malo otengera nkhuni, pamene anthu ankadula mitengo n'kuiunjika moyezedwa kudikira sitima. Timitengo ta machesi todula timaunjikika bwino. Madzi a Shire usawapente buluu: ndi akhofi nthawi ya dzinja, obiriwira pang'ono m'chilimwe, ndi mizere ya mchenga woonekera. Buluu n'ngwa ku Liuli, kumene kuli matanthwe aakulu ozungulira, amene dongo louma lopakidwa phulusa limawatsanzira bwino. Ndipo pagombe pakhale anthu: mzere wa amtengatenga ndi mitolo pamutu, kapitawo wawo, amayi ogulitsa ufa ndi nsomba, wowotcha moto m'boyila atakhala pansi kupuma. Pa sikelo ya 1:100, kawaya kopindidwa ndi kadontho ka dongo zimakwana kupanga munthu.

Malamulo a masewera nawonso ayenera kuchokera kuno. Nkhondo ya pa Liuli payokha siikoma kuisewera, chifukwa mbali imodzi inali pamtunda ndipo sinkadziwa kuti kuli nkhondo. Chimene chinkavutitsa akapitawo a kuno chinali mchenga, mphepo ya mwera ndi nkhuni. Madzi a Shire atayamba kuchepa kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, sitima zinkatitimira pa mchenga masiku ambiri, n'chifukwa chake njanji inafikitsidwa ku Port Herald, kenaka ku Chindio pa Zambezi mu 1915. Masewera oona a nyanja yathu angapatse sitima iliyonse njere zowerengeka za nkhuni, imodzi n'kumachoka pa ulendo uliwonse. Zikatha, sitima iime mpaka anthu a pagombe avomere kudula zina. Chombo chamathanga sichifuna nkhuni, koma chimadikira mphepo. Dayisi ingagamule ngati mwera wauka, ngati amtengatenga afika kapena athawa. Anthu ozolowera bawo, amene amawerenga njere ndi kuona mayendedwe atatu kutsogolo, sangavutike nazo.

Manja ake alipo kale. Mnyamata wa kwa Nsabwe amene amapinda galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chotembenuzadi mateyala a zitsekerero za mabotolo wadziwa kale kuyerekeza kukula kwa chinthu ndi maso, ndiye sikelo imeneyo. Amene amaumba ng'ombe zadothi ndi kupanga magalasi a mapesi wadziwa kale chimene dongo ndi phesi zingapirire. Chimene sanapatsidwe ndi chithunzi cha Herald kapena Guendolen, ndi munthu womuuza kuti njanji imene ili kumunsi kwa mudzi wake inanyamulapo sitima ya pamadzi. M'kalasi zaka za 1891 ndi 1914 amangoziloweza. Mphunzitsi amene angauze ana kuti amange Chiromo pa thabwa limodzi, mbali ino mbendera ya Britain, tsidya lija ya Portugal, Ruo pakati, adzawamva akufunsa okha kuti mafumu a kuno anali kuti pamene malirewo ankalembedwa.

Wofuna miyeso ndi maonekedwe enieni ali ndi kopita. Guendolen inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940, koma mzinga wake wa Hotchkiss uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, kufupi ndi mlatho wa pa Shire, ndipo m'nyumba ya zinthu zakale ya Lake Malawi Museum m'tauni yomweyo muli chifanizo cha mbali ya pamwamba ya sitimayo. Wissmann inakonzedwanso ndi Angerezi, niyenda zaka zina ndi dzina la King George. Chauncy Maples, imene inanyamulanso asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kenaka n'kukhala sitima ya anthu apaulendo, thupi lake lili ku Monkey Bay. Pamenepo munthu atha kuona ndi maso mmene zitsulo zinkalumikizidwira ndi misomali yofulidwa, mzere ndi mzere, ndipo pa sikelo ya 1:100 mizere imeneyo imatheka kuidinda pa katoni ndi nsonga ya singano.